Boma la Mipando Yocepa: Zimene Zinaoneka ku Canada

Pakati pa abale athu amene ali pa nchito m'migodi, m'mafamu ndi m'matauni a maiko ano a kumwera, limamveka kawiri kawiri funso ili pamene nkhani za cisankho ca maiko a kutali zafika: kodi zitheka bwanji kuti cipani cimene sicinapate ngakhale theka la mipando ya m'Nyumba ya Malamulo cilamulire dziko cokha, ndipo cikhalepo zaka zambiri? Funso ili ndi lanzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa mofatsa. Ife tasankha kuliyankha pofotokoza za dziko la Canada, kumene cipani ca Conservative, cotsogozedwa ndi Bwana Stephen Harper, cinalamulira motero kuyambira caka ca 2006 kufikira caka ca 2011.

Mau athu pa nkhani imeneyi ndi awa. Boma la mipando yocepa limakhala ndi moyo cifukwa ca kusamvana kwa otsutsana nalo, ndi cifukwa ca mantha amene iwo ali nao pa cisankho catsopano. Masiku onse amene adani ace ali ogawanika, ilo liyenda bwino, ndipo nthawi zina licita zanzeru koposa boma lamphamvu, popeza likakamizidwa kufunsa anzace. Koma tsiku limene adaniwo agwirizana, pamenepo mtima wace weni weni uoneka: kapena libvomera kuwerengedwa, kapena lifuna njira yothawira.

Kawerengedwe ka Mipando

Poyamba tiyenera kuzindikira makhalidwe a boma la kumeneko, pakuti asiyana ndi a kwathu. Ku Malawi ndi ku Zambia anthu amasankha Pulezidenti iwo eni, ndipo iye akalumbira sacoka pa mpando cifukwa cakuti aphungu akana bajeti yace. Akuru akumbukira kuti Dr. Bingu wa Mutharika, atacoka m'cipani ca UDF m'caka ca 2005, analamulira ali ndi aphungu ocepa. Mikangano inacuruka, bajeti inacedwa, koma iye anakhalabe kufikira cisankho ca 2009.

Ku Canada si cotero. Anthu sasankha Nduna Yaikuru. Cigawo ciri conse cisankha phungu mmodzi, ndipo amene apambana anzace, ngakhale ndi voti imodzi yokha, ndiye atenga mpando. Pamwamba pali Bwanamkubwa, woimira Mfumu kapena Mfumukazi ya ku Britain, imene iri Mfumu ya Canada yomwe. Masiku amene tirikunenawa inali Mfumukazi Elizabeth II. Bwanamkubwa aitana munthu amene akhoza kupata cikhulupiriro ca aphungu kuti aumbe boma, ndipo boma likhala pokha pokha ngati Nyumba ilikhulupirira. Nyumba ikakana bajeti, kapena ikanena poyera kuti cikhulupiriro catha, Nduna Yaikuru iyenera kutula pansi udindo kapena kupempha cisankho catsopano.

Tsono pamene palibe cipani copata mipando yoposa theka, njira ziri zitatu. Yoyamba, zipani ziwiri kapena zitatu zigawana maunduna ndi kulamulira pamodzi. Yaciwiri, cipani cacikuru cilemberana pangano ndi cacing'ono kuti cizicicirikiza pa bajeti, osalowa m'boma. Yacitatu, cipani cacikuru citenga maunduna onse cokha, ndi kufuna mavoti pa lamulo liri lonse kwa ali yense amene angabvomere tsiku limenelo. Njira yacitatu imeneyi ndiyo anatsata Bwana Harper.

Za dzina la Conservative, ndilo dzina la iwo okonda kusunga makhalidwe amene analipo. Pa nkhani za cuma afuna misonkho yocepa, boma losamwaza ndarama, ndi ufulu wa amalonda; pa nkhani za milandu afuna zilango zolimba. Cipani cotere cikakhala cocepa m'Nyumba cimasowa bwenzi, pakuti ku Canada zipani zina zazikuru zonse zinali za maganizo osiyana naco.

Phunziro la Caka ca 1979

Bwana Harper asanafike, panali munthu wina wa mbali yomweyo amene anayesa, nalephera. Pa cisankho ca May 1979 Bwana Joe Clark anapata mipando 136 mwa 282, yopereweza isanu ndi umodzi kuti ipose theka. M'Nyumbamo munali kacipani kakang'ono ka Social Credit, ka aphungu asanu ndi mmodzi, kamene kakadatha kumgwiriziza. Koma iye ananena kuti adzalamulira monga ngati ali ndi mipando yokwanira, ndipo sanasamale kukambirana nako. Mwezi wa December Nduna yace ya za Cuma, Bwana John Crosbie, inabwera ndi bajeti yoonjezera msonkho wa masenti 18 pa galoni ya petulo. Pa 13 December 1979 aphungu anawerengedwa: 139 anakana boma, 133 analibvomera, ndipo a Social Credit anakhala manja ali khale. Cisankho cinacitika mu February 1980, ndipo Bwana Pierre Trudeau, amene anali atanena kale kuti alikupumula, anabwerera pa mpando. Ufumu wa Bwana Clark unatha miyezi isanu ndi inai yokha. Akuru anati safunsa anadya phula; munthu uyu anagwa cifukwa ca kusawerenga anthu ace ndi kusafunsa anansi.

Umo Anakhalira Bwana Harper

Cipani ca Conservative ca masiku ano cinabadwa mu December 2003, pamene zipani ziwiri za maganizo ofanana, Canadian Alliance ndi Progressive Conservative, zinaphatikizana zitatopa ndi kulandana mavoti. Cipani ca Liberal cinali citalamulira kuyambira 1993, ndipo dzina lace linali litada ndi mlandu wa ndarama za boma zimene zinamwazidwa molakwa m'cigawo ca Quebec. Pa cisankho ca pa 23 January 2006, mwa mipando 308, Conservative inapata 124, Liberal 103, Bloc Québécois 51, New Democratic Party 29, ndi phungu mmodzi woima pa yekha. Kuti boma lipose theka pafunika 155. Cotero Bwana Harper anapereweza 31. Pa anthu 100 ali onse amene anaponya voti, 36 okha ndiwo anasankha cipani cace.

Munthu wongoyang'ana ciwerengero akadati boma ili silifika cirimwe. Koma taonani umo analiri otsutsa. A Liberal analibe mtsogoleri wokhazikika kufikira December 2006, pamene anasankha Bwana Stéphane Dion, ndipo thumba lao linali lopepuka. A Bloc Québécois aima m'Quebec mokha, cigawo ca anthu olankhula Cifalansa, ndipo cifuniro cao ndi cakuti cigawoco cipatuke cikhale dziko pa cokha. Cifukwa cace zipani zina zimaopa kuoneka zirikugwirana nao dzanja. A New Democratic Party, a Bwana Jack Layton, amene muzu wao uli m'mabungwe a anchito, analimbirana anthu omwewo ndi a Liberal, ndipo kugwa kwa Liberal kunali phindu lao. Zipani zitatuzi zinamvana pa cinthu cimodzi cokha, kusakonda Bwana Harper. Pa tsiku lomgwetsa sizinamvane.

Iye anazindikira ici, nacita zinthu ziwiri. Coyamba, anasankha malonjezo ocepa amene munthu wamba akhoza kuwaona m'thumba mwace, ndi amene otsutsa akadacita manyazi kuwakana. Anatsitsa msonkho wa pa zogula kucoka pa 7 kufika pa 6 mwa 100 mu July 2006, ndi kufika pa 5 mu January 2008. Anapatsa makolo madola 100 pa mwezi pa mwana ali yense wosafika zaka zisanu ndi cimodzi. Caciwiri, anadziwa khomo logogodapo. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko: bajeti ya 2006 ndi ya 2007 zinapita ndi mavoti a Bloc Québécois, ndipo ya 2007 inaonjezera ndarama zopita ku zigawo, Quebec napata gawo lalikuru. Mu November 2006 iye mwini anabwera ndi mau akuti anthu a Quebec ali mtundu pa okha m'kati mwa Canada wogwirizana, ndipo Nyumba inabvomera ndi mavoti 266 pa 16.

Pamene a Bloc anayamba kutalikira, iye anasintha macenjera. Anayamba kunena za malamulo ambiri kuti ali nkhani ya cikhulupiriro, ndiko kuti, mukakana lamulo ili tipita tonse ku cisankho. A Liberal, podziwa kuti sanakonzeke, anayamba kukhala pansi osaponya voti, kapena kuturuka m'Nyumba nthawi yowerenga isanakwane. Anacita cotero kumapeto kwa 2007 ndi pa bajeti ya 2008. Motero boma linakhala, ndipo otsutsa anaoneka ngati anthu okalipa pakamwa ndi kuthawa ndi miyendo.

Zimene Boma Silinathe Kucita

Tisaganize kuti kucepa kwa mipando kunalibe mphamvu pa iye. Panali zinthu zimene anthu a cipani cace anazifuna ndi mtima wonse, zimene zinakanika masiku onse a boma locepa. Titchule zitatu.

Panali lamulo lakuti mfuti zazitali za alenje ndi alimi zilembedwe m'buku la boma. A Conservative analida lamulo limeneli, nati libvuta anthu osacimwa a kumidzi. Mu September 2010 phungu wao anayesa kulicotsa, nalephera ndi mavoti 153 pa 151. Panalinso bungwe la Canadian Wheat Board, limene linali ndi mphamvu lokha yogula tirigu wa alimi a kumadzulo wopita kunja. A Conservative anafuna kuti mlimi azigulitsa kumene afuna. Cacitatu cinali ndarama zimene boma linapatsa zipani monga mwa mavoti amene zinapata. Zonse zitatu zinakhalapo kufikira 2011. Ndipo atangopata mipando yokwanira, boma linathetsa buku la mfuti ndi mphamvu ya bungwe la tirigu m'caka ca 2012, ndi kucepetsa ndarama za zipani pang'ono pang'ono kufikira zinatha mu 2015.

Owerenga adzaweruza okha ngati zinthu zimenezi zinali zabwino kapena zoipa. Cimene ife tifuna cioneke ndi cakuti ciwerengero ca m'Nyumba cinali cingwe ceni ceni. Cipani cimene anthu 36 kapena 38 mwa 100 anacisankha sicinathe kucita zonse za kumtima kwace, ndipo kunena zoona cimeneci ndi cilungamo.

Masabata Awiri a December 2008

Tsopano tifika pa mtima wa nkhani. M'caka ca 2007 boma lomweli linaika lamulo lakuti cisankho cizicitika pa tsiku lodziwika, ndipo tsiku loyamba linali la mu October 2009. Koma mu September 2008 Bwana Harper anapempha Bwanamkubwa kuti amwaze Nyumba, nati Nyumbayo yaleka kugwira nchito. Pa 14 October 2008 anapata mipando 143, Liberal 77, Bloc 49, New Democratic Party 37, ndi oima pa okha awiri. Anakwera, koma sanafike pa 155. Werengani bwino, abale: Liberal ndi Bloc pamodzi anali 126, ocepa kwa 143. Kuti boma ligwe panafunika zipani zonse zitatu ziimirire pamodzi, ndipo iye anayesa kuti ici sicingacitike.

Masiku amenewo cuma ca dziko lonse lapansi cinali kugwa. Mabanki a ku America anali kutsekedwa, ndi anthu anali kucotsedwa nchito. Pa 27 November Nduna ya za Cuma, Bwana Jim Flaherty, inawerenga mau ace m'Nyumba. Munalibe thandizo lalikuru la anthu otaya nchito. M'malo mwace munali mau oletsa anchito a boma kunyanyala nchito kwa zaka zingapo, ndi mau ocotsa ndarama zija za zipani, zimene zinali pafupi madola awiri pa voti iri yonse pa caka. A Conservative anali ndi anthu ambiri owasonkhera ndarama. Zipani zina zinadalira thandizo la bomalo. Otsutsa anaona mpeni uli pakhosi pao, ndipo cimene mantha a cisankho anaciletsa zaka zitatu, mantha a imfa anacicita m'masiku anai.

Pa 1 December Bwana Dion, Bwana Layton ndi Bwana Gilles Duceppe wa Bloc anasaina pangano. Liberal ndi New Democratic Party adzagawana maunduna, ndipo Bloc idzawacirikiza kufikira June 2010 osalowa m'boma. Pamodzi anali aphungu 163, opambana 143 a boma. Analembera Bwanamkubwa kuti Nyumba yataya cikhulupiriro, ndi kuti iwo ali okonzeka kulamulira. Boma linabweza mau aja a ndarama za zipani ndi a kunyanyala nchito, koma madzi anali atatayika kale. Tsiku lowerenga linaikidwa pa 8 December.

Bwana Harper sanadikire tsiku limenelo. Pa 4 December anapita kwa Bwanamkubwa, amene nthawi imeneyo anali mai, Michaëlle Jean, wobadwira ku Haiti, amene analowa m'Canada ali mwana pamodzi ndi makolo ace othawa nkhanza. Anampempha kuti atseke msonkhano wa Nyumba kufikira pa 26 January 2009. Kutseka kotere si kumwaza Nyumba: aphungu akhalabe aphungu, koma sakumana, ndipo voti iri yonse yoyembekezeka ifa. Ndi mwambo wa masiku onse pamene boma latsiriza nchito za nyengo imodzi. Cacilendo cinali kuupempha pofuna kupewa kuwerengedwa. Atakambirana koposa maora awiri, Bwanamkubwa anabvomera.

M'masabata asanu ndi awiri amenewo mgwirizano unasweka. A Liberal anacotsa Bwana Dion, naika Bwana Michael Ignatieff, amene mtima wace sunali pa panganolo. Pa 27 January 2009 boma linabwera ndi bajeti yosiyana kotheratu ndi mau a November: ndarama zambiri za miseu, milatho ndi nyumba, kuti anthu apate nchito. Caka cimeneco boma linamwaza madola oposa 50 biliyoni pamwamba pa zimene linatolera. A Liberal anabvomera bajetiyo, boma linapulumuka.

Mlandu uwu uli ndi mbali ziwiri, ndipo tiyenera kumva zonse. A mbali ya boma anati: anthu anali atangoponya voti masabata asanu ndi awiri apitawo, Bwana Dion anali atakana pa nthawi ya cisankho kuti sadzagawana boma ndi New Democratic Party, cipani cace cinali citatsika koposa kale, ndipo sikuyenera kuti boma la Canada lidalire anthu ofuna kuswa Canada. Anatinso Nyumba itabwerera inawerengedwa ndithu, ndipo inabvomera boma. A mbali yina anati: m'malamulo a dzikolo anthu asankha aphungu, ndipo aphungu ndiwo anena amene alamulire, 163 aposa 143, Nduna Yaikuru imene idziwa kuti yataya Nyumba iribenso mphamvu yolangiza Bwanamkubwa kuti atseke Nyumbayo. Anakumbutsanso kuti mu September 2004, ali wotsutsa, Bwana Harper mwini anasaina kalata pamodzi ndi Bwana Layton ndi Bwana Duceppe omwewo, yopempha Bwanamkubwa wa nthawi imeneyo kuti afunse otsutsa asanalole cisankho catsopano.

Ife tiona cotere. Bajeti ya January inali yabwino koposa mau a November, ndipo inabadwa cifukwa otsutsa anaopseza. Apa Nyumba inagwira nchito yace. Koma njira imene boma linapulumukira inali yoopsa. Munthu woitanidwa ku bwalo, amene ali ndi mphamvu yotseka bwalolo kufikira mboni zitabalalika, sangatchedwenso woweruzidwa. Ngati boma likhala cifukwa Nyumba ilikhulupirira, liyenera kulola Nyumba kunena mau ace pa tsiku limene yafuna.

Kutseka Kwaciwiri ndi Kugwa

Khomo likatsegulidwa kamodzi silibvuta kutsegulanso. Pa 30 December 2009 Bwana Harper anapemphanso kuti Nyumba itsekedwe, kufikira pa 3 March 2010. Boma linati lifuna nthawi yokonza za cuma. Otsutsa anati lirikuthawa kabungwe ka aphungu kamene kanali kufunsa za akaidi amene asilikari a Canada anawapereka m'manja mwa boma la Afghanistan, kumene kunamveka kuti anazunzidwa. Anthu zikwi zambiri anayenda m'miseu ya mizinda kudandaula. Nyumba itabwerera, Sipikala Peter Milliken anagamula mu April 2010 kuti aphungu ali ndi mphamvu yoitanitsa makalata a boma, ndipo boma silingawakanize.

Mkangano wa makalata ndiwo unagwetsa boma potsiriza. Aphungu anafuna kudziwa mtengo wa malamulo atsopano a ndende ndi wa ndege za nkhondo za F-35. Anati boma silinawapatse ziwerengero zokwanira. Pa 25 March 2011 zipani zonse zitatu zinaimirira pamodzi, ndipo ndi mavoti 156 pa 145 Nyumba inanena kuti boma lanyoza Nyumba ya Malamulo ndi kuti cikhulupiriro catha.

Koma pano pali cinthu cimene sitiyenera kubisa. Pa cisankho ca pa 2 May 2011 anthu sanalange Bwana Harper. Anampatsa mipando 166, yoposa theka. New Democratic Party inakwera kufika pa 103, Liberal inagwa kufika pa 34, Bloc inatsala ndi inai; Bwana Ignatieff ndi Bwana Duceppe anataya ngakhale mipando yao. Cinali cisankho cacinai m'zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo iye analalikira mau amodzi, akuti dziko lifuna boma lokhazikika. Anthu ambiri anasamala za nchito ndi mitengo ya zinthu koposa za mwambo wa Nyumba. Komabe mavoti ace anali osakwana 40 mwa 100. Kugawanika kwa otsutsa, kumene kunamsunga m'Nyumba, ndiko kunampatsanso mipando m'zigawo. Analamulira kufikira October 2015, pamene Bwana Justin Trudeau anamgonjetsa.

Ndipo a Liberal, amene analira kwambiri mu 2008, atakhala iwo boma la mipando yocepa anatseka Nyumba mu August 2020 pamene timabungwe ta aphungu tinali kufufuza mlandu wokhudza boma, natsekanso mu January 2025 pamene otsutsa anali atanena kuti adzawagwetsa. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Cida cimene cipani cimodzi casula sicikhala ca cipani cimeneco cokha.

Kufanizira ndi Britain

Abale athu okhala ku Britain anaona zofanana ndi maso ao. Pa cisankho ca June 2017 cipani ca Conservative ca Mai Theresa May cinapata mipando 317 mwa 650. Iye anatsata njira yaciwiri ija: analemberana pangano ndi Democratic Unionist Party ya ku Northern Ireland, ya aphungu 10, ndipo cigawo cimeneco cinalonjezedwa mapaundi 1 biliyoni oonjezera. Panganolo linamsunga pa mpando, koma silinampatse mphamvu, pakuti a m'nyumba mwace momwe anali ogawanika pa nkhani yoturuka m'bungwe la European Union. Pa 15 January 2019 pangano lace la kuturukako linakanidwa ndi mavoti 432 pa 202. M'mawa mwace Nyumba yomweyo inakana kumgwetsa, 325 pa 306. Anakhala wosagwa ndi wosayenda, kufikira anatula pansi mu July. Apa tiona cimene cinasunga Bwana Harper: aphungu ace anayenda monga munthu mmodzi. Boma locepa limene ligawanika m'kati mwace latha kale.

Wolowa m'malo mwa Mai May, Bwana Boris Johnson, anayesa kutseka Nyumba masabata asanu. Pa 24 September 2019 Bwalo Lalikuru la dzikolo linagamula kuti kutsekako kunali kosalolezeka, popeza kunaletsa aphungu kugwira nchito yao popanda cifukwa comveka, ndipo aphungu anabwerera m'mawa mwace. Cimene Bwanamkubwa wa Canada analola, oweruza a ku London anakana.

Cimene Tiphunzirapo

Nkhani iyi si ya kutali monga ioneka. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri agwira nchito, Pulezidenti asankhidwa ndi aphungu, ndipo aphungu akhoza kumcotsa ndi voti ya kusakhulupirira. Pa cisankho ca May 2024 cipani ca ANC cinapata mipando 159 mwa 400, nthawi yoyamba kucepera theka kuyambira 1994, ndipo cinasankha kugawana maunduna ndi zipani zina m'malo moyesa kulamulira cokha. Masamu amene anabvuta Ottawa afika kale m'maiko ano.

Cotero mukamva kuti kwakuti kwakuti kwabadwa boma la mipando yocepa, musafulumire kunena kuti lidzagwa mawa, kapena kuti dziko lasokonezeka. Funsani zinthu zitatu. Kodi otsutsa akhoza kugwirizana, ndipo ndani mwa iwo aopa cisankho? Kodi cipani colamulira ciri cimodzi m'kati mwace? Ndipo coposa zonse, kodi ndani ali ndi mphamvu yotseka Nyumba, ndipo ndani angamletse?

Boma locepa limene lipita kwa anzace kukapempha mavoti, nilisintha bajeti yace cifukwa ca mau ao, lirikucita cimene Nyumba ya Malamulo inamangidwira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ca ici palibe coopa. Coyenera kuopa ndi mtsogoleri, wa cipani ciri conse, amene akonda ciwerengero pamene ciri ku mbali yace, nacithawa pamene camtembenukira. Aphungu ndiwo pakamwa pa anthu amene anawatuma; potseka Nyumba kuti asawerengedwe, atsekedwa pakamwa ndi alimi, anchito ndi amalonda a m'zigawo zao. Tiyeni tikhale maso pa zimenezi kuli konse kumene tiri, ndi kuphunzitsa ana athu kuwerenga mipando, kuti pasakhale munthu wotinyenga ndi mau akuti wopambana pa cisankho ali ndi ufulu wocita ciri conse.